Kolala wa chijasi cha mayi Nakhumwa

Chiperoni chitameza phiri lonse,
mayi Nakhumwa anafika pakhonde panga pa Chitakale,
chijasi atachikulunga m'pepala ngati mankhwala.
"A telala, kolalayu wasomboka pang'ono.
Koma musambe m'manja kaye.
Mwana wanga wa kunja uja ndiye anatumiza,
mtengo wake mutha kugula makina anuwa kasanu."

Ndinasamba. Ndinakhudza.
Ubweya wakuda bii, wopotana tinthu ting'onoting'ono,
wonyezimira ngati wanyowa chonsecho ndi wouma.
Zaka makumi atatu ndikusoka mayunifolomu
ndi kuphatika zigamba pa mathalauza a othyola tiyi,
chala changa chinali chisanatererepo chotero.

"Ndi nkhosa," anatero, akuyang'ana basi ya ku Muloza.
"Osati zikuluzikulu zija ayi. Tiana.
Akuti pakapita masiku atatu ubweya umawongoka,
ndiye sadikira."

Anapita kukagula chinanazi.
Ine ndinayamba kuwerenga misoko ya kuseri:
kachikopa aka, kena aka, kenanso,
kalikonse kosaposa chikhatho changa.
Ndinalekera pa seveni.

Wathu uja anakhala masiku atatu.
Mchombo unali usanagwe, dzina tinali tisanatchule.
Amayi okhaokha anamunyamula m'bandakucha
kulowera kumunsi kwa nthochi,
ine anandiuza kuti mwamuna sapitako,
ndiponso salira, poti sanali munthu kwenikweni.
Chimene ndinaona ndi kamutu kokha pa nsalu ya Esitere,
tsitsi lonyowa, lopotana chonchi.
Chonchi ndithu.

Makina sindinawapondeko tsiku limenelo.
Ndinatenga singano yaing'ono ija ya madiresi a ukwati,
ndikulowetsa ulusi m'mabowo akale
kuti ndisaboolenso pena.
Kamvula kanali kuwaza, magalasi anga anachita nkhungu,
ulusi unandithawa kanayi konse.

Atabwerako anachivala pomwepo,
natembenuka pa galasi langa losweka pakona.
Chinawakhala, ndisaname.
Anyamata a kabaza anaimba mluzu,
mayi wogulitsa mapeyala anafunsa ngati n'kololedwa kugwirako.

"Zingati, a Mulimbe?"
Ndinatchula mtengo wa zipi.
Anadabwa, analipira, anapita
khosi lili mu tiana seveni, mwina kuposa.

Madzulo Esitere anandifunsa chomwe ndinkanunkhiza m'manja.
Ndinati mafuta a makina.