Zaka Zitatu N'zotchipirapo

Imafika Lachinayi loyamba la mwezi,
ngati mvula sinamutsekereze Nicanor wa positi
pa masitepe otsetsereka a phiri lathu
kuno ku Valparaíso.
Amagogoda ndi chigongono, ali wefuwefu:
"Don Baldomero, sukulu yanu ija yabwera."

Bambo sayankha. Amangotambasula manja.
Zaka makumi asanu anakonza mawotchi kufupi ndi doko,
maso anathera m'timano ta timawilo tonga mchenga,
lero dziko kwa iwo ndi nkhungu ya m'mawa
yokana kuchoka ngakhale dzuwa lili paliwombo.
Koma envulopu amang'amba okha, imeneyo sapatsa munthu.
Amanunkhiza inki, n'kuyeza magazini m'dzanja:
"Mwezi uno atibera masamba anayi."
Ndikawerengetsa, alidi anayi.

Ndiye ine ndimasanduka maso awo.
Tiyi akuzirala, buledi wopaka peyala ali theka,
ndimawerenga za makina olembera anthu makalata achikondi,
za basi yoyenda yokha mumzinda wa chipale,
za mtsikana amene anajambula filimu yathunthu
ndi foni yong'aluka galasi.
Mawu ena amandipunthwitsa lilime.
"Bwereza." Ndimabwereza.
"Ameneyo sanagwirepo sikulu chibadwire, pitirira."

Pali mayi wina wolemba tsamba lomaliza,
sanaonanepo, koma amakangana naye mwezi ndi mwezi
ngati anthu olimbirana malire a mpanda.
Tsiku lina analemba kuti wotchi ya pamkono inafa kale.
Bambo anamenya tebulo, supuni n'kudumpha.
Anandilembetsa kalata ya masamba atatu,
ine dzanja kuchita dzanzi.
Inatuluka patapita miyezi iwiri,
mizere iwiri yokha, dzina atalilakwitsa.
Anaidula ndi lumo, mopapasa,
ili m'chikwama mwawo pamodzi ndi chithunzi cha amayi.

Ndimawanamiza nthawi zina, ndivomere.
Nkhani ikatalika ndimalumpha ndime.
Amandigwira. "Ximena, pamenepo pali dzenje,
giya yadumpha dzino."

Mwezi wa chisanu uno munagwa kakhadi m'kati,
kobiriwira, kolimba ngati tikiti ya sitima:
nthawi yanu yatha, kodi mupitiriza?
Timabokosi titatu.
Chaka chimodzi. Zaka ziwiri. Zaka zitatu.
Sabata yomweyo adokotala a kuchipatala cha kumunsi
anandikokera pakhonde, natsitsa mawu,
nandiwerengera miyezi pa zala za dzanja limodzi,
chala chachikulu osachikhudza.

Ndinaika cholembera pa kabokosi koyamba.
Sindinanene kanthu. Ndinangopuma molakwika.

"Werenga mitengo."
Ndinawerenga.
Milomo yawo inayenda, akugawa mapeso mumtima
monga ankachitira kuseri kwa kauntala.
Panja chikepe chakale chinkakwera phiri chikulira zitsulo,
galu wa a Hortensia akuuwa mbalame za kunyanja.
"Zaka zitatu n'zotchipirapo," anatero.
"Wopusa yekha ndiye amalipira chaka ndi chaka."
Ndinayang'ana nkhope yawo kufuna pamene pabisala nthabwala.
Panalibe. Kapena inalipo, yakuya kuposa maso anga.

Ndinachonga kachitatu.
Inki inalowerera mpaka kuseri.

M'mawa ndinatsika masitepe onse ndi kakhadi m'thumba,
ndikukagwiragwira ngati dzira,
ndinakaponya m'bokosi la positi pafupi ndi msika wa nsomba,
n'kuima pamenepo kanthawi, osadziwa chodikira.

Nditabwerera ndinawapeza atatsegula pakati,
mozondoka, chala chili pa chithunzi cha roketi.
"Ija ya maloboti osamalira okalamba sitinaimalize."
Ndinakhala pansi, ndinawerenga osalumpha liwu,
mpaka pansi penipeni pa tsamba
pomwe tizilembo topendekera timati
nkhaniyi ipitirira mwezi wamawa.

"Chabwino," anatero, napukusa wotchi yawo.
"Tidzamva."