Mpando wa Nelita

Ntchito yanga ndi kuwongola zitsulo.
Ku Moatize kuno, kuseri kwa msika,
amandibweretsera magalimoto opindika ngati chitini chopondedwa,
ine n'kumamenya ndi nyundo mpaka aiwale zomwe anaona.
Koma ine sindiiwala.
Pansi pa mipando ndatolapo kansapato kamodzi,
botolo la mkaka, kachipewa kaubweya.
Sindifunsa eni ake. Nawonso sanena.

Choncho Nelita atabadwa
ndinawoloka mlatho Loweruka, ndalama m'sokosi.

M'sitolo yozizira ya mumzinda
mnyamata wa tayi anausisita mpandowo ngati ng'ombe yamalonda:
metikashi zikwi khumi ndi zinayi.
Uli ndi poika kapu, akuti, nsalu yake imapuma,
umatembenukira kuchitseko mukamatsitsa mwana.
Ndinawerenga chamumtima: miyezi iwiri ya nyundo,
lendi, makala, ngongole ya kwa apongozi.
Nditatuluka, dzuwa la Tete linandiwomba khofi pakhomo.

Ku Kwachena, pakati pa milu ya nsapato zakale,
Sozinyu anali ndi wake, wotuwa ndi fumbi.
Chikwi ndi theka, tikhoza kukambirana.
Wachokera kuti? Ku Joni.
Unali wa yani? Anaseka: mpando sukamba mbiri.
Koma kwa ine zinthu zimakamba.
Ndinauvula nsalu, n'kuyendetsa chala kumsana kwake,
ndipo ndinaupeza mng'alu, woonda ngati tsitsi,
pomwe lamba amalumira.
Uwu unagwira kale ntchito yake,
pamsewu wina, kwa mwana wa munthu wina.
Ndinaubwezera nsalu yake mwaulemu.

Womwe ndinagula ndi wachitatu,
watsopano, wosakongola, wa zikwi zinayi,
wopanda poika kapu,
kabuku kake kakulendewera pachingwe.

Filomena anauyang'ana, nayang'ana ine.
Zikwi zinayi? Nanga msana uwu? Nanga manja awa?
Tonsefe tinakulira pakapulana, tafa?
Ndinati msana ngwa woyenda pansi, mayi.
Sindinamuuze za chiwongolero chomwe ndinachipeza
chitapindidwa ndi chifuwa cha munthu,
kapena momwe manja amatsegukira okha
galimoto ikaima, thupi lisanamve kuti yaima.

Usiku womwewo, tochi pakamwa,
ndinalimbana ndi kabuku kaja kuposa injini.
Mwana ayang'ane kumbuyo. Lamba adutse apa, osati apo.
Kokani. Kokaninso. Gwedezani.
Ndinamasula katatu, thukuta likudonthera pazithunzi.

Patapita sabata a Jeremiasi a ku mgodi
anabwera ndi chitseko chokana kutseka.
Kumbuyo kwawo, si uwo, wa zikwi khumi ndi zinayi uja,
wonyezimira, poika kapu pali kapu,
koma ukugwedera ngati dzino lobowoka,
lamba atangoponyedwa pamwamba.
Ndinaumanga. Pa risiti ndinangolemba chitseko.

Mu Julayi tinanyamuka kukamuonetsa Nelita ku Ulongwe.
Malole a malasha kutsogolo, malole kumbuyo,
phula lodyeka m'mbali ngati chigumu.
Titadutsa pamphambano pa Musakama,
mbuzi, ndi kamnyamata kakuithamangira.
Ndinaponda ndi mwendo wonse.

Lichero la masau linauluka kuchoka pamiyendo ya Filomena,
ngakhale analigwira ndi manja awiri.
Masau pagalasi, masau m'khosi mwanga,
masau pansi pa buleki.
Kamnyamata kanalowa m'chimanga chouma osacheuka.

Kumbuyo, zii.
Kenako kuyasamula.

Filomena anatola masau aja limodzilimodzi,
osalankhula mpaka tinaona mapiri a ku Angonia.
Pamenepo anatembenuka, nalowetsa chala
pakati pa lamba ndi kachifuwa,
nakoka pang'ono, monga anandionera.

Ngati mpandowu ungapirire lole, sindidziwa.
Wa a Jeremiasi, sindidziwanso.
Ndimawongola zitsulo tsiku ndi tsiku,
ndipo limenelo ndi funso lokhalo
lomwe sindifuna kuti lidzandipeze pantchito.