Buku la Malisiti

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikulipidwa
chifukwa cha mawu amodzi: choka.
Choka ndi mbedza yakoyo, choka ndi mbuzi zako,
madzi a m'damu muno ndi akumwa a tauni ya Salima,
njira yawo ndi ya m'mipope basi.

Mwezi wathawu a khonsolo anabwera ndi chikwangwani
penti ikadanunkha:
ALIYENSE NDI WOLANDIRIDWA.
M'munsi mwake timalemba tonga nyerere,
mtengo wa mbedza, mtengo wa bwato pa ola.
Anandilanda chibonga
n'kundipatsa buku la malisiti ndi bolopeni ya pachingwe.

Loweruka amabwera a magalimoto ochokera ku Lilongwe,
mbedza zawo zili ndi kagudumu kolira ngati nkhululu.
Wina anakoka mlamba wotalika ngati mkono wanga,
anaukweza m'mwamba, mkazi wake n'kujambula pa foni,
kenaka anaubweza m'madzi pang'onopang'ono
ngati akugoneka khanda.
Ndinayang'ana kumbali.
Kwathu ndiwo sitsanzikidwa.

Kuseri kwa waya kunaima Twaibu,
kansungwi paphewa, chitini cha nyongolotsi m'manja.
Ndinamuthamangitsapo kasanu mwanayu.
Bambo ake, Jafali, ndinawathamangitsa mpaka anandizolowera,
tinkapatsana moni tili pa liwiro.
Anawerenga chikwangwani mokweza,
chilembo chimodzichimodzi, monga amachitira ku sukulu,
ndipo anafunsa: A Chimbalanga, aliyense ndi ndani?

Funso la mwana lilibe chogwirira.
Ndinafufuza m'thumba, ndinapeza ya mandasi a masana
ndi ya kabaza wobwerera kunyumba.
Lisiti nambala handiredi fote seveni:
Twaibu Jafali, mbedza imodzi, walipira.
Analowera pachipata chenicheni,
osati pa bowo lija amaganiza kuti sindilidziwa,
ndipo anayenda mowongoka ngati mlembi wa kwa DC.

Anapha makumba anayi.
Limodzi anandisiyira pa mpando, osanena kanthu.
Tsiku limenelo ndinabwerera wapansi,
nsomba ili lende pa kaluzi.

Chimene sindinauze a khonsolo ndi ichi:
pamene bwato lofiira limakhotera,
chakumanja kwa chitsa chomwe akakowa amatera,
panali munda wa bambo anga.
Chinangwa, mizere iwiri ya nzimbe,
mtengo wa mango umene unandithyola dzino.
Chipukuta misozi chinagula malata khumi ndi asanu ndi njinga.
Njingayo inatha kalekale.
Malata akudontha.

Lolemba kulibe alendo.
Mwajuma, wosunga mabwato, anati:
Inu mumangolemba anzanu, kwerani lero.
Anandimanga jekete lachikasu lothina pamimba,
ndinakhala pakati, nditagwira m'mbali monse muwiri,
munthu wobadwira dera la asodzi
koma wosadziwa kugwira nkhafi.

Apa, ndinatero. Imani apa.
Nkhafi inadontha madzi, kenaka zii.
Patali injini ya mpope inkangoguguda,
kutumiza munda wa bambo ku mabafa a m'tauni,
ku chipatala, ku maketulo a m'maofesi.

Ndinaweramira pansi kufuna nsonga ya mango uja,
mwina mzere, mwina mwala wa m'malire.
Madzi anali obiriwira, osaonetsa za m'kati.
Anangondibwezera nkhope ya nkhalamba
yovala chipewa cha khonsolo,
ndipo kansomba kena kanadutsa pamphumi pake.

Mwajuma anafunsa ngati tibwerere.
Ndinati dikirani pang'ono, ola silinakwane.
Titafika kumtunda ndinatsegula buku lija.
Handiredi fifite thuu:
Chimbalanga, bwato, ola limodzi.
Pa mzere wa ndalama ndinasiya posalemba.
Akadzafunsa a maakaunti Lachisanu,
ndidzawauza kuti anandilipirira ndi bambo anga,
kale, damu lisanadzaze.