Waya Wongoyerekeza

Mkuwa anaukumba usiku umodzi wa chiperoni,
kuyambira pa mlatho wa Thuchila mpaka kufupi ndi Chonde.
Mamawa tinapeza ngalande yokha,
yaitali ngati manda a nsato,
ndi nkhwaira imodzi imene wakuba anaisiya m'matope.

Makina a lamya a pa fakitale ya tiyi sanauzidwe.
Ndi nkhalamba makinawo, anafika ine ndisanabadwe,
ndipo chikhulupiriro chawo n'chimodzi:
waya ndi wako wekha,
kuchoka kuno mpaka uko, wosabwereketsa,
kaya ukulankhula, kaya uli chete,
njira ikhala yolimidwa, kukudikira.
Makomo makumi atatu ndi awiri,
lililonse kutseguka pa nthawi yake,
maulendo zikwi zisanu ndi zitatu pa sekondi,
osaphonya.

Ntchito yanga pa Luchenza pano
ndi kunamiza nkhalambayo mwaulemu.

Mawu ake amabwera ali mtsinje.
Ine ndimawadula, timaphukusi timaphukusi,
kalikonse ndi timapepala tiwiri pamphumi:
kakunja n'ka msewu, kam'kati n'ka mwini.
Kenaka ndimatikweza pa faiba
ngati katundu wa pa minibasi ya ku Limbuli.
Kondakitala safunsa kuti m'thumbamo muli chiyani.
Amawerenga kapepala, nakamatula, namata kena,
napatsira mnzake wa pa siteji yotsatira.
M'menemo tithinana ndi mavidiyo a ukwati,
ndalama za fizi, zigoli za mpira,
ndi uthenga wa maliro a ku Muloza.

Kena kamachedwa.
Kena kamafika mkulu wake asanafike.
Kena, mwa apo ndi apo, sikafika n'komwe.

Tsono kutsidyako kuli kabokosi kodekha
kamene kamatiimika pamzere potsata manambala,
n'kutisunga kaye pang'ono, ngati thanki ya pa chipatala,
kuti mpopi uzituluka mofanana.
Pamene pasowa kamodzi, kamaikapo kopanda kanthu,
bola ng'oma isadumphe.
Pakuti chovuta si mawu ayi.
Chovuta ndi wotchi.
Mkuwa unkanyamula mawu ndi kugunda kwa mtima pamodzi;
ife kugundako timachita kukusaka
m'mapazi a timaphukusi tofika motsimphina.

Getsi lobiriwira likayaka, a Makwinja a ku fakitale amaimba:
“Mayi Nakhumwa, waya uja mwabwezeretsa, eti?”
Ndimati eya, bwana.
Sindinena kuti waya kulibe.

Lamulungu ndimakwera kabaza kupita kwa bambo ku Chitakale.
Anagwira zaka makumi awiri pa switchibodi ya pa boma,
kulumikiza anthu ndi zingwe m'manja,
ndipo mpaka lero amati munthu akakukonda
amaimba pa nthawi yake.
Achimwene a Fulaide ali ku Joni.
Mauthenga awo amabwera mwa tsoka:
asanu usiku umodzi, kenaka zii miyezi iwiri,
lina la lendi, lina la apolisi, lina chithunzi chabe cha nsapato.
Ndimawasunga m'foni.
Ndimawasanja, loyamba patsogolo,
ndi kutulutsa limodzi limodzi, Lamulungu lililonse,
tiyi atathiridwa, itangokwana folo koloko.
Sabata imene palibe kanthu
ndimati, “Akuti ali bwino, kukuzizira basi.”

Bambo amagwedeza mutu, nayang'ana ku Chambe
kumene mitambo yadya theka la mwala.
Tsiku lina anandigwira pamkono, nati,
“Pa switchibodi tinkadziwa laini yakufa
ndi kukhala chete kwake. Kumasiyana.”
Ndinadikira kuti apitirize.
Anangoti ndiwonjezere shuga.

Lolemba ndinabwerera ku kachipinda kanga kozizira.
Usikuwo timaphukusi khumi ndi tinayi tinatayika
penapake pakati pa Bvumbwe ndi kuno.
Nkhalamba ya ku fakitale sinadandaule.
Ndinalemba m'buku: laini ili bwino.