Zimene Ndinadula

Gáspár, ndine Etelka, uja wa sizasi,
wa m'chipinda chopanda windo chija ku Budapest
momwe utsi wa ndudu zako unkadutsa m'kuwala
ngati nawonso ukufuna kulowa m'filimu.

Unabadwira ku Szolnok, kuseri kwa njanji.
Unkati nkhani zako zoyamba unazilemba pa matikiti
otayidwa ndi apaulendo.
Ndinkayesa bodza la alembi,
mpaka mayi ako atanditsegulira chitini cha masikono:
matikiti okhaokha, zilembo ngati nyerere.

Buku loyamba linatuluka, anthu nkulinong'ona.
Lachiwiri linagona zaka zisanu ndi ziwiri
m'kabati ya bwana wina wa chipani
amene ankati ndi labwino ndithu, koma nyengo yake sinakwane.
Iwe unati, poti akuopa zilembo
ndiwapatsa nkhope.

Ndiye unajambula mayi uja pasiteshoni
akusenda dzira lophika, mphindi zinayi zathunthu,
chipale chofewa chikugwera pa mpango wake,
sitima osabwera.
Anafunsa: bwanji sakumwetulira?
Akudikira ndani, ndipo wachedwetsa sitimayo ndani?
Dulani.

Ndinadula ndine.
Iwe unali panja, ukutukwana mtsinje wa Danube
ngati ndiwo unasaina kalatayo.
Sabata yonse sunandipatse moni.

Malire atatseguka, wodula panalibenso,
koma wolipira nayenso panalibe.
Holo ya kanema ya pakona anayisandutsa sitolo ya nsapato.
Kunja anakuitana kamodzi, unapita ndi jekete yobwereka,
nubwera ndi kachifanizo ka mkuwa
komwe unkatsekerezera chitseko chikamamenyeka ndi mphepo.
Unabwerera ku cholembera.
Maso atayamba chifunga, unkandiuza mawu, ine nkumalemba,
tikukangana za mpumiro uliwonse.

Sindinakuuze chinthu chimodzi.
Zonse zimene anati dulani, sindinataye.
Ndinkazikulunga m'sokosi, nkudutsa nazo pa mlonda
mtima uli thi thi thi,
nkukaziika m'bokosi pansi pa bedi.

Dzulo, patatha mwezi tikuike m'manda,
ndazilumikiza ndi zala zanga zonjenjemerazi.
Zakwana mphindi khumi ndi imodzi.
Ndazionetsa pa khoma la kukhitchini,
pakati pa kalendala ndi nkhata ya tsabola wofiira.

Mayi uja akusendabe dzira lake.
Mnyamata akulavula pa chikwangwani.
Galu akuwoloka bwalo la perete lopanda munthu.
Ndipo penapake, kanthawi kochepa ngati kuphethira,
dzanja likulowa kuchokera kumanzere
kudzakonza mpango wa mayiyo.
Chala chapakati chili ndi banga la inki.

Pamenepo sanandiuze ndi a chipani kuti ndidule.
Unandiuza ndiwe: chotsa, wowongolera saoneka.

Ndabweza filimu katatu.
Tiyi wazizira.
Pansi pa windo tramu yomaliza yadutsa,
khoma lanjenjemera pang'ono,
dzanja lako nalo.