Ndudu Imodzi Imodzi

Anapaka viniga, yemweyu wothira pa tchipisi,
ndipo pa kanema panatuluka kamtambo koyera
pakhomo la chiberekero changa.
"Si khansa," anatero Sisita Tikambenji,
"koma ndi mlendo waima pa geti
akufunsa ngati muli chipinda cha lendi."

Kuwotcha kamtamboko sikunatenge nthawi.
Chowawa chinadza nditamanga kale chitenje:
anagwira dzanja langa, nalitembenuza,
naona chikasu pakati pa zala ziwiri.
"Zingati pa tsiku, amayi Velenasi?"
Ndinati zitatu.
Sanalembe.
Ndinati chabwino, khumi, kukazizira.

Koma utsi umakwera m'mwamba, Sisita,
kumusi kuno ukufika bwanji?
Anaseka. Anati magazi alibe malire,
chimene chalowa m'mapapo chimayendera thupi lonse,
chikafika chimagoneka alonda
ngati gadi wa ku Kabulonga wosinza pa mbaula,
kachilombo n'kumalowa, n'kumayala mphasa.

Sindinamuuze msanga kuti ndimagulitsa ndine.
Pa Kulima Tower, kuyambira kusanache,
thireyi pamiyendo: maswiti, machesi, mishanga,
ndudu imodzi imodzi kwa makondakitala.
Yoyamba ndinayatsira kasitomala wa manja onjenjemera
chaka chomwe tinaika Lazalo ku Chingwere.
Fizi ya Tiyezye yatuluka m'mapaketi amenewa.
Ndisiye chiyani tsono, fodya kapena chakudya?

Sanayankhe mwa ulaliki.
Anang'amba tsamba la kalendala,
anati sankhani tsiku nokha.
Ndinaloza Lachinayi, popanda chifukwa.
Anati chibaba chili ngati basi ya ku Chawama,
imalira hutala, kondakitala akukoka thumba lanu,
koma mukapanda kukwera, imanyamuka.
Ndinati, Sisita, ku Chawama mabasi satha.
Anati eya. Imwani madzi. Tafunani nzimbe.
Lekani inayo ipitenso.

Masiku asanu ndi atatu ndinatafuna.
Ndinatukwana mnyamata wosalakwa chifukwa cha chenji.
Usiku ndinkagubuduka, malata akuthetheka,
pakamwa pakufunafuna mnzake.
Tsiku lachisanu ndi chinayi mvula inanyowetsa katundu,
ndinasuta ziwiri kuseri kwa chimbudzi cha pa siteshoni,
zinakoma, ndisaname,
kenako ndinalira ngati wakuba nkhuku yake yomwe.

Ndinabwerera ku kiliniki ya Kanyama mutu uli pansi.
Sisita anawerenga pa zala: masiku eyiti, ndudu makumi asanu ndi atatu
zimene sizinalowe mwa inu.
Zimenezo palibe angakulandeni.
Anang'amba tsamba lina.

Lero pa thireyi pali mazira owiritsa ndi tsabola,
paketi yatsala imodzi, pakona, yoyang'ana kumbali.
Wofuna moto ndimam'patsa bokosi, ayatse yekha.
Adzandionanso chaka chamawa, mwezi ngati uno.
Chikasu cha pa zala chayamba kusuluka,
cha chala chapakati chikukanabe.