Golide Safuula

Ndimalowa mu Lingadzi mame asanakamuke.
Pamwamba pa mlatho maminibasi a ku 25 akulimbirana anthu,
ine madzi m'mawondo, zomvera kumakutu,
m'manja makina amene mlamu wanga Chikaiko
anabwera nawo ku Joni m'malo mwa ngongole yanga.
Anyamata okumba mchenga amandigemula:
wafika uja wokolopa mtsinje.

Ndimakolopadi.
Kumanja, kumanzere, mbale yake ikukhukhuza matope,
mtsinje n'kuyamba kuulula.
Chitsekerero cha botolo chimakuwa ngati woitanira basi.
Msomali umabuula mawu a pansi.
Wani tambala wakale, wosagulanso ngakhale machesi,
amalira ngwee, belu la kusukulu.
Chitini cha mowa ndiye chimagonthetsa m'kutu,
ukachifukula, m'kati muli nkhanu yokwiya.

Lolemba lina anabwera mayi Nagama a ku Mtandire,
dzanja lili pakhosi.
Dzulo lake abusa anawaviika pano katatu.
Kachitatu anavuuka oyera mtima,
khosi lili mbee.
Tcheni cha golide, anatero,
chimene Tinenenji anatumiza kuchokera kutali
kumene akuchapira anthu zovala, chaka chachinayi osabwera.
Mukachipeza ndilibe chokupatsani.
Ndimagulitsa tomato.

Sindinawauze kuti makina saona tcheni.
Amaona kamphete kamodzi, n'kuiwala,
kenaka kena, n'kuiwalanso,
timphete tochepa ngati njere za mawere,
kalikonse kakuyankhula pakokha.
Mawu ake ndi okhadzula, krr, krr,
wailesi ya mabatire akutha,
nambala pagalasi zikudumpha, ziwiri, zisanu, kenaka zii.
Ndi momwenso limalirira pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.
Nchifukwa chake ambiri amapitirira.

Ndinakweza mphamvu mpaka mchenga wakuda unayamba kulongolola.
Ndinaitsitsa pang'ono.
Ndinachepetsa dzanja, liwiro la munthu wosita malaya a ukwati.
Lolemba, mapepala a ndudu khumi ndi anayi.
Lachiwiri, waya, zipi, theka la supuni,
msundu pa katumba, sindinaumve n'komwe.
Iwo ali pamwala, dengu la tomato pambali,
akuthamangitsa ntchentche, osandifunsa.

Lachitatu chakumasana, kumunsi kwa bango,
kumene madzi amazungulira asanapitirire,
krr.
Ndinaima.
Ndinatembenuka, kudzera mbali ina.
Chopingasa, mawu afupi.
Chotsata mtsinje, mawu ataliatali, odukaduka,
ngati wina akukoka ulusi pa mano a chipeso,
ndipo pakati pake kamodzi kokha, ti,
kakang'ono, koyera.
Kangowe kotsekera.
Pepala silichita zimenezo.
Ukalipondaponda limasintha mawu, limanama.
Ichi ndinachiponda, chinabwereza zomwezo.

Ndinamiza sefa mozama, kuyambira patali,
kuopa kuchidula.
Matope anatsika, timiyala tinatsala,
ndipo pakati pa chigoba cha nkhono ndi galasi losweka
chinagona chopindana ngati kamwana ka njoka,
chachikasu, chosachita dzimbiri, cholemera kuposa maonekedwe.

A mchenga anasiya mafosholo.
Mayi Nagama analowa m'madzi ndi chitenje chomwe,
anachiyala pachikhatho, anachitembenuza,
anayang'anitsitsa kachilembo kolendewera kumapeto.
Anandibwezera.
Si changa ichi, bambo.
Changa chili ndi kamtanda.

Wina anaseka. Wina anati tengani basi amayi, golide ndi golide.
Iwo anabwerera pamwala paja,
anafinya chitenje, anasankha tomato wofewa
n'kumuika pambali.

Tcheni chili m'thumba la malaya, chikundizizira pachifuwa.
Kwinakwake mu Lilongwe muno
muli khosi lina limene linasiya kale kufunsa.
Ndabwezera zomvera kumakutu.
Batire yatsala mzere umodzi,
mitambo yakuda ikusonkhana cha ku Dzalanyama,
ndipo mvula ikagwa kumeneko
mtsinje udzasamutsa zonse usiku umodzi.
Kumanja, kumanzere.
Chitsekerero china chayamba kale kukuwa.